M'busa Wolalika ndi Manja wa ku Mlangeni

Tsiku limene Pauline adalakalaka nthaka itang'ambika n'kumumeza, bwalo la mpira la ku Mlangeni lidadzaza anthu mpaka kumsewu. Chidali chaka cha 2003. Kudabwera mlaliki wochokera kutali ndi zimkuzamawu zake, ndipo mbiri idawanda kuti odwala akuchira.

Pauline adafika atagwira dzanja la mwana wake Ulemu, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Chaka chapitacho mwanayo adadwala matenda oumitsa khosi. Adapulumuka, koma makutu adatsekeka kotheratu. Bambo wa mwanayo adali ku Joni, ndipo atamva za nkhaniyi mafoni ake adayamba kuchepa mpaka adadukiratu.

Mlaliki adamukweza Ulemu pansanja. Adamulowetsa zala m'makutu n'kukuwa. Adamugwedeza mutu. Kenaka adaima kumbuyo kwake n'kuomba m'manja mwamphamvu. Mwana sadacheuke. Adangoti maso mwazumwazu m'khamu lija, misozi ikutsika, kufunafuna nkhope ya mayi wake.

Mlalikiyo adatembenukira kwa Pauline, maikolofoni ali pakamwa.

"Vuto si mwanayu ayi. Mayi, muli ndi tchimo limene mwabisa. Mukaulula, mwana adzamva."

Anthu adang'ung'udza. Amayi amene ankagulitsa nawo mbatatesi pamsewu adatsinana. Pauline adabereka mwana wake ngati khanda, ngakhale adali wamkulu kale, n'kudutsa pakati pa anthu maso ali pansi. Kuyambira tsiku limenelo adasiya kupita kutchalitchi.

Inu amene mwathodwa ndi moyo, musafulumire kupukusa mutu. Mayi ameneyu lero ndi m'busa. Tamvani mmene zidayendera.

Pauline ankakhala ndi bambo ake, a Paison, amene adathera unyamata wawo m'migodi ya ku Joni. Adabwerako ndi chifuwa chosatha komanso makutu ogontha theka chifukwa cha makina oboolera miyala. Sadali munthu wa mawu ambiri, ndipo akalankhula ankachita kukuwa poti eni ake samadzimva.

M'mawa wina Pauline adawapeza pakhonde ndi mdzukulu wawo akusankha mbewu ya mbatatesi. A Paison adanyamula yowola, adatsina mphuno, n'kuiponya kumbali. Ulemu adaseka. Mayi wake adali asadamvenso kuseka kumeneko chidwalire mwanayo. Kenaka Ulemu adatola ina n'kuwatsanzira agogo ake.

"Ababa, mukutani ndi mwanayu?"

"Tikucheza!" adakuwa a Paison, n'kumuitana ndi mfunda wake monga ankachitira akafuna kuti amvetsetse. "Iwe Nangozo, pansi pa mgodi makina akalira palibe ankamva mnzake. Ukuyesa tinkangokhala duu? Tinkalankhula ndi manja. Mwanayu chatsekeka ndi makutu okha, mutu uli bwinobwino. Leka kumulira ngati wafa."

Mawuwo adamulasa Pauline. Adafufuza mpaka adamva za sukulu ya ana osamva m'boma la Dedza. Adalimbikira pamsewu ndi ndowa zake za mbatatesi, kuthamangira basi iliyonse yoima, ngakhale m'chisanu cha Juni chija chong'amba milomo. Mwana adakayamba sukulu.

Ulemu akabwera kutchuthi ankabwera ndi chinenero chathunthu m'manja mwake. Iye adasanduka mphunzitsi, mayi wake mwana wasukulu. Pauline akalakwitsa, mwana ankamugwira zala n'kuzipinda bwino.

Lamulungu lina, Ulemu ali ndi zaka khumi, awiriwa adakhala pakhonde akuona anthu atatchena kupita kutchalitchi. Mwana adagwira mayi wake paphewa n'kufunsa ndi manja.

"Kutchalitchi anthu akatsinzina amakhala akutani?"

"Amakhala akulankhula ndi Mulungu."

"Ine ndikatsinzina zonse zimatha. Kuona ayi, kumva ayi." Kenaka adafunsanso: "Amayi, kodi Mulungu amadziwa chinenero cha manja?"

Zaka zinayi Pauline adali atakwiyira Mulungu chifukwa cha pakamwa pa munthu mmodzi, ndipo mkwiyo wakewo udatsekera mwana kunja. Adalowa m'nyumba, adalira, kenaka adatuluka n'kugwada naye pakhonde pomwepo. Adapemphera ndi manja, maso ali otsegula.

Kuyambira pamenepo Pauline ankamufotokozera Ulemu nkhani za m'Malemba. Ulemu naye sadabise. Adakatenga a Jasper, bambo wa imvi wosamva chibadwire, amene ankaweta ng'ombe za anthu kudambo. Moyo wawo wonse anthu ankangowaitana ndi mwala kapena kuwakoka malaya. Kenaka kudabwera ena, ana ndi akulu, ena panjinga kuchokera kufupi ndi Kandeu. Khonde lidachepa.

Pauline adabwerera kumpingo wake wakale ndi gulu lakelo. Ankakhala nalo kumbali n'kumamasulira ulaliki.

Tsiku lina a Jasper adaona anthu akubatizidwa. Adaloza madzi, n'kudziloza pachifuwa. Pauline adapita nawo kwa akulu a mpingo.

Mkulu wina wa mpingo, munthu wofatsa koma wosapsatira, adati: "Mayi, munthu asadabatizidwe amalowa kalasi, n'kuyankha mafunso pamaso pa abusa. Awa ayankha bwanji?"

"Ndiwaphunzitsa ine, ndiwamasuliranso."

"Tidziwa bwanji kuti zimene mukutiuza ndi zimene iwo anena? Ndiponso musakwiye, inu za Mulungu mudaphunzira kuti?"

Pauline adatuluka mtima ukuwawa. Koma ali m'njira adavomereza kuti funso lomalizalo lidali loona. A Jasper omwewo adamufunsapo chifukwa chimene Mulungu adawalengera osamva, iye n'kusowa chonena. Chikondi adali nacho, koma chidziwitso chidali chochepa.

Mpingo wawo udali utangoyamba kudzoza amayi. Atafika pakhomo adauza bambo ake m'khutu: "Ababa, ndikufuna kukaphunzira ubusa."

"Uli ndi Fomu 4?"

Adalibe. Sukulu adalekezera Fomu 3 atatenga pathupi pa Ulemu. Choncho mayi wa zaka zoposa makumi atatu adayamba sukulu ya madzulo, kukhala benchi limodzi ndi ana a anzake. Pamsewu amayi ankamuseka. "Abusa, tiwerengereni ndowazi m'Chingerezi!" Adalemba mayeso, Chingerezi chomwecho n'kumugwetsa. Adabwereza. Ulendo wachiwiri adakhoza.

Tsopano padatsala nkhani imene imasokoneza ambiri oitanidwa: akaphunzire kuti? Makoleji a zaubusa adali atachuluka, ndipo iliyonse inkadzitamanda. Pauline adati za m'maluwa sadzamvera, akaona yekha. Ndipo kulikonse ankapita ndi Ulemu, amene tsopano adali namwali wa zaka khumi ndi zisanu.

Adayambira ku Lilongwe, pa koleji ina ya pamwamba pa masitolo. Pansi padali kapeti wofiira. Mwini wake, amene ankatchedwa bishopu, adawalandira ndi nsangala.

"Kuno sitichedwetsa anthu a Mulungu," adatero. "Miyezi isanu ndi umodzi basi, mutuluka ndi mkanjo ndi satifiketi. Mukayambitse utumiki wanuwanu, muzikabatiza amene mukufuna."

Mtima wa Pauline udadumpha. Adaganiza za a Jasper ndi imvi zawo. Kodi zaka zitatu za makoleji enawo adzazifika?

Koma bishopu uja adadzuka n'kusanjika dzanja pamutu pa Ulemu osapempha.

"Choyamba tichotse chiwanda chili mwa mtsikanayu. Mubwere naye Lachisanu, kudzakhala makamera."

Ulemu adauma thupi lonse. Pauline adachotsa dzanja lija pamutu pa mwana wake mwaulemu, adathokoza chifukwa cha nthawi, n'kutsika masitepe.

Kenaka adapita ku Blantyre, pa koleji yakale yodziwika. Kapinga wometa bwino, laibulale yaikulu kuposa tchalitchi cha kwawo, aphunzitsi odziwa zinthu. Pauline adaikonda atangolowa pageti. Ndipo mwayi udalipo: anthu akufuna kwabwino akunja ankalipirira amayi fizi yonse.

Mkulu wolemba ophunzira adawapatsa tiyi n'kufotokoza mwachifatse. "Amene walipiriridwa, akamaliza amagwira ntchito zaka zisanu ku ofesi ya amayi mumzinda muno. Ndiwo mgwirizano wake."

"Nanga anthu anga osamva a ku Mlangeni?"

"Ndi ntchito yabwino, mayi, koma imeneyo ndi ya mabungwe othandiza anthu. Ife timasula abusa a paguwa." Adalozera Ulemu ndi cholembera, maso ali pa mayi wake. "Wovutikayu mudzamupezera pokhala."

Sadali munthu woipa. Koma nthawi yonse imene adacheza, sadamuyang'ane Ulemu ngakhale kamodzi.

Ku koleji ya ku mapiri a ku Dowa adangopitako poti abusa a kwawo adaitchula, ndipo mpingo unkaivomereza. Adatsika galimoto n'kuyenda wapansi mtunda ndithu. Adapeza malata adzimbiri ndi ophunzira ali ndi makasu m'munda wa koleji. Atafunsa mkulu wa koleji, adawalozera bambo wina wamfupi wovala majombo, akutuluka m'khola la nkhumba. Adali abusa Silvester Kamtedza.

Abusawo adasamba m'manja, adapereka moni kwa Pauline, kenaka kwa Ulemu. Mtsikana sadayankhe.

"Samva, abusa."

"Pepani. Ndiye ndimupatse moni bwanji?"

Pauline adadabwa. Adawaonetsa. Abusa adaima pamaso pa Ulemu, adakunga nkhope, n'kuyesa ndi zala zawo zonenepa. Ulemu adaphulika kuseka mpaka kugwira pamimba.

"Ndanena chiyani?"

"Abusa, mwati ndinu mbuzi."

Abusa adaseka mpaka kupukuta misozi ndi mkono wa malaya. Kenaka adatambasulira Ulemu manja awo kuti awakonze zala. Adabwereza mpaka adakhoza.

Ali mu ofesi adamvetsera nkhani yonse osamudula. Atamaliza adati: "Mayi, sindikunamizani. Wodziwa chinenero cha manja pano palibe. Wokulipirirani fizi palibe. Maphunziro ndi a zaka zitatu, ndipo Chigiriki sichiona nkhope. Koma Malemba tidzakuphunzitsani mozama, kuti munthu akakufunsani funso lolemera musadzamupatse yankho lopepuka. Mukamaliza mudzabwerera kwa anthu anu. Ndipo ndili ndi pempho. Lachitatu lililonse masana mudzatiphunzitse manja ifeyo. Abusa otuluka pano amapita kumidzi, ndipo ndikuona kuti m'midzimo muli nkhosa zimene takhala tikuzidutsa."

Atabwerera ku Mlangeni nkhani idavuta. Abale adati asankhe ya ku Blantyre. Akulu a mpingo adati ya ku Blantyre ikweza dzina la mpingo wawo. Ngakhale a Paison adakuwa: "Nangozo, yaulere uisiye, ukalime m'munda wa eni? Mutu ukuyenda?"

Pauline yemwe ankaifuna laibulale ija. Ankafunanso kupuma ku ndowa za pamsewu. Adapemphera masabata angapo, mtima uli pawiri. Kenaka adafunsa Ulemu.

"Iwe ukuti ndipite kuti?"

"Kwa abusa a mbuzi."

"Chifukwa?"

"Adandiyang'ana m'maso."

Padatsala munthu mmodzi. Pauline adatsikira kudambo kumene a Jasper ankadyetsa ng'ombe. Adawafotokozera zonse, za miyezi isanu ndi umodzi ndi za zaka zitatu. Adawauza kuti akasankha njira yaitali, ubatizo wawo uchedwa.

A Jasper adaloza kamwana ka ng'ombe, n'kuloza ngolo imene inkadutsa patali.

"Ng'ombe yokoka ngolo siphunzira tsiku limodzi," adatero ndi manja. "Yofulumira imagwetsa katundu. Pitani. Ndidikira."

Pauline adapita ku Dowa.

Musaganize kuti kusankha bwino kumafewetsa njira. Teremu yoyamba Chigiriki chidamugwetsa. Manja adachita matuza ndi khasu la koleji. Nthawi zina ankatsala pang'ono kubwezedwa chifukwa cha fizi. Koma kumudzi kudachitika chinthu chimene sadapemphe. Gulu lija la osamva lidagawana masiku, lidalima munda wake, lidapalira, lidakumba mbatatesi. A Paison, amene adatsutsa aja, ndiwo ankakhala pamsewu ndi ndowa, kukuwira mabasi ndi mawu awo a mumgodi. Fizi inkachokera m'menemo.

Kalasi ya Lachitatu idayamba ndi anthu ochepa: abusa Kamtedza ndi ophunzira awiri. Ena ankadutsa pawindo akugwedeza zala monyoza. Wina mwa iwo adali Hilary, mnyamata wanzeru kwambiri m'kalasi mwawo. Tsiku lina adamufunsa Pauline pagulu.

"Achemwali, munthu amakhulupirira zimene wamva. Nanga wosamva akhulupirira bwanji? Simukutaya nthawi?"

Pauline adayankha mofatsa. "Achimwene, papita zaka zoposa khumi mwana wanga asadamve mawu anga ndikumuuza kuti ndimamukonda. Akadzabwera mudzamufunse ngati amakayika."



Chaka chachiwiri ophunzira adatumizidwa m'mipingo kukayeserera ntchito, ndipo Hilary adapita ku Kasinje. Tsiku lina akuyendera odwala pachipatala adapeza bambo wosamva ali gone pabenchi, akubuula. Palibe amene ankatha kumufunsa pamene pakupweteka. Hilary adakumbukira timanja tiwiri titatu timene adaonera pawindo paja. Adayesa. Bamboyo adadzuka, maso ali tong'o, n'kumugwira dzanja osafuna kulisiya.

Sukulu itatsegulira, Lachitatu loyamba Pauline adapeza Hilary atakhala kale kutsogolo. Pofika chaka chachitatu kalasiyo idasamukira m'chipinda chachikulu, ndipo koleji idalamula kuti aliyense aziphunzira manja asadamalize.

Pauline adakhoza Chigiriki. Adakhoza zonse. Mu 2016 adadzozedwa ubusa, ndipo mpingo udamutuma kwawo ku Mlangeni kuti akathandize abusa a kumeneko ndi kuyang'anira utumiki wa anthu osamva m'dera lonselo.

Sadachedwe. Adatsegula kalasi ya ubatizo ya manja okhaokha. Funso lililonse lolemera ankakhala nalo pansi mpaka wofunsayo akhutire. A Jasper, amene tsopano ankayenda ndi ndodo, sadajombe ngakhale mvula igwe.

Tsiku la ubatizo tchalitchi chidadzaza mpaka m'mawindo. Abusa Hilary adakwera kuchokera ku Kasinje kudzakhala mboni. Abusa Pauline ankafunsa ndi manja, wobatizidwa n'kuyankha ndi manja, abusa Hilary n'kutchula yankholo mokweza kuti mpingo wonse umve. Mkulu wa mpingo adafunsa mafunso olasa uja ndiye adapempha yekha kunyamula beseni la madzi.

Ulemu adabatizidwa. Ena adatsatira. Womaliza adali a Jasper.

Atafunsidwa ngati amakhulupirira, sadayankhe mwachidule monga adachitira anzawo. Adatsamiritsa ndodo pabenchi kuti manja onse amasuke. Abusa Hilary adayamba kumasulira.

"Akuti: Kale ndinkaganiza kuti amene amandidziwa ndi ng'ombe zokha. Tsopano ndadziwa kuti amene adandilenga amandidziwa, ndipo sadalakwitse. Ndikukhulupirira."

Madzi adatsika pa imvi zawo. Amayi adaimirira n'kuyamba nthungululu, tchalitchi chonse chidalira. Koma a Jasper adangoima chofulatira mpingo, akupukuta kumaso, osadziwa chimene chikuchitika kumbuyo kwawo.

Apo a Paison adadzuka.

"Sakumva nthungululu zanuzo!" adakuwa. "Pondani pansi!"

Nkhalambayo idatukula mwendo n'kuponda pansi mwamphamvu, monga amachitira amuna pa gule wa ngoma. Di! Idapondanso. Madoda a kutsogolo adayang'anana, kenaka adadzuka. Di! Di! Achinyamata adalowa, amayi adalowa, akulu a mpingo ndi majekete awo adalowa. Mabenchi adanjenjemera, fumbi lidakwera.

A Jasper adayang'ana kumapazi awo. Chimwemwe cha mpingo chidawalowa kudzera m'zidendene. Adatembenuka n'kuona mpingo wonse ukuwavinira. Munthu amene moyo wake wonse ankaitanidwa ndi mwala adakweza manja onse m'mwamba, n'kuyamba kuponda nawo.

Lero abusa Pauline akutumikirabe. Ulemu akuphunzitsa ana osamva. Ndipo m'midzi ingapo ya ku Ntcheu, Dedza ndi Dowa muli abusa amene akakumana ndi munthu wosamva amaima n'kumupatsa moni.

Inu amene mukumva kuitana mumtima ndipo mukusinkhasinkha kokaphunzira, musakopeke ndi mkanjo wofulumira kapena kapinga wokongola. Pitani mukaone nokha. Funsani ngati akakuzamitsani m'Mawu a Mulungu. Funsani kumene mudzapite mukamaliza. Ndipo muyang'anitsitse mmene akulandirira munthu amene alibe chowapatsa, pakuti mtima wa sukulu umaonekera pamenepo, ndipo mtima umenewo ndi umene mudzatuluke nawo.

Inunso amene mudanyozedwa pagulu, amene mayeso adakugwetsani, amene mukuti zaka zapita: bala lanu lomwelo likhoza kukhala khomo lolowera anthu ena. Pali wina kudambo amene akudikira kuti mudzuke. Mtima usagwe, m'bale wanga. Dzukani, sasani fumbi, pondani pansi mwamphamvu.